Buku la Miyendo

Eneless Sakala anali mtsikana wa ku Katete. Mudzi wawo unali patsinde pa phiri la Mphangwe. Eneless ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kulemba buku.

Musaseke. Ena anaseka kale, koma lero ali chete.

Chinali chaka cha 1958. Atate ake ankagwira ntchito kumigodi, kutali ku Luanshya. Amayi ake ankalima chimanga ndi mtedza. Mlongo wake wamng'ono anali Gabriel. Gabriel anali asanayambe sukulu. Ntchito yake inali kugwira zinthu za eni.

Tsiku lina kusukulu kunafika njinga. Pa njingapo panali bokosi la chitsulo. Linachokera ku mishoni. Bokosilo linkayenda m'masukulu, lero pano, mwezi wamawa kwina.

Aphunzitsi a Mwanza anatsegula bokosi. Munali mabuku okhaokha. Munali buku la nyimbo. Munali buku la nthano. Munali la miyambi ndi la ndakatulo. Lina linkanena za mafumu akale. Lina linkanena za kulima thonje. Linanso linkanena za nyenyezi.

Eneless anatenga buku limodzi. Analisisita. Analinunkhiza. Linkanunkhira ngati nsalu yatsopano.

"Aphunzitsi, kodi mabuku amapanga ndani?" anafunsa Eneless.

A Mwanza analoza pachikuto. "Ona apa. Ili ndi dzina la mlembi."

"Mlembi ndi mzungu?"

"Ena ndi azungu. Ena ndi anthu akuda. Mlembi ndi munthu ngati iwe ndi ine. Amadya, amagona, amadwalanso chimfine."

Eneless anawerenga buku ili. Anawerenga buku ilo. Anafunafuna dzina la Katete, koma sanalipeze. Anafunafuna phiri la Mphangwe, koma sanalipeze. Ngakhale mbuzi ya kwawo munalibe.

"Ndiye buku la kwathu ndilemba ine," anatero Eneless.

Aroni, mnyamata wa pabenchi lakumbuyo, anaseka. "Iwe? Nanga pepala ulitenga kuti?"

Aroni anali wovuta, koma apa ananena zoona. Mapepala anali a ana a makalasi akuluakulu. Ana aang'ono ankalemba pa sileti. Sileti ndi kabolodi kakuda ka mwala. Umalembapo, kenako umafufuta.

Sabata yomweyo kunyumba kunafika uthenga. Atate akubwera! Adzafika sukulu ikamatsekera. Adzakhala masiku ochepa, n'kubwereranso.

Eneless anavina pabwalo. Atate ankakonda kuwerenga. Ndi iwo amene anamuphunzitsa a, e, i, o, u. Ankamulembera ndi chala padothi.

"Atate akafika, apeze buku langa," anatero Eneless mumtima.

M'mawa analemba pa sileti yake. Kwe, kwe, kwe. Nkhani itangoyamba, sileti inadzaza.

"Fufutani masileti," anatero a Mwanza. "Tiyambe masamu."

Eneless anafufuta. Nkhani inatha psiti.

Masana analemba padothi, kuseri kwa nkhokwe. Analemba ndi kamtengo. Malo analipo ambiri. Koma kunabwera nkhuku ndi anapiye ake. Nkhuku sidziwa kuwerenga. Imangodziwa kupalasa.

Nkhani inatha psiti.

Tsiku lina analemba pakhoma la nyumba. Analemba ndi khala. Nkhuku sikanafika pamenepo. Koma amayi anabwera ndi dothi lozirira.

"Pepa, mwana wanga," anatero amayi. "Atate ako asapeze nyumba yakuda."

Amayi anazira khoma lonse. Nkhani inatha psiti.

Eneless analembanso pa sileti. Anaibisa pansi pa mphasa. Gabriel anaipeza. Anainyambita kuti amve ngati ikukoma.

Apa Eneless analira. Analira kwambiri. Tsiku lotsekera linali pafupi. Atate anali pafupi kufika. Koma buku panalibe.

M'mawa mwake ana anaima pamzere kusukulu. Aliyense anagwira sileti pachifuwa, kuti aphunzitsi aone ntchito. Eneless anali kumapeto kwa mzere. Anasuzumira. Anaona sileti. Anaona sileti ina. Anaonanso ina, ndi inanso.

Nzeru inamubwerera. Masiletiwo anali ngati masamba a buku.

Nthawi yopuma anapita kwa a Mwanza. Anagwada pang'ono.

"Aphunzitsi, munatiuza kuti mutu umodzi susenza denga."

"Inde, ndinatero."

"Nayonso sileti imodzi sisenza buku. Ndikupempha masileti a anzanga."

A Mwanza anamuyang'ana. Kenako anamwetulira. "Masamu titsiriza mawa. Tikatsiriza, sitifufutanso. Koma masileti si anga. Upemphe eni ake."

Eneless anapempha Prisca. Prisca anavomera. Anapempha Dominic. Dominic anavomera. Anapempha Ruth, Stanford ndi ena. Onse anavomera.

Anapempha Aroni. Aroni anakana.

"Pa sileti yanga pali lole," anatero Aroni. "Ndajambula ndekha. Sindifufuta."

Eneless anayang'ana loleyo. Inali yokongola ndithu. Inali ndi matayala ndi nyale zomwe.

"Aroni, mabuku a m'bokosi ali ndi zithunzi," anatero Eneless. "Ine sinditha kujambula. Iwe umatha. Kodi ungajambule mbuzi?"

Aroni anakanda mutu. "Yokhala ndi ndevu?"

"Yokhala ndi ndevu."

Aroni anafufuta lole yake.

Masamu atatha, Eneless anayamba kulemba. Kwe, kwe, kwe. Sileti ikadzaza, ankatenga ina. Kwe, kwe, kwe. Dzanja linatopa, koma sanaleke. Aroni anajambula mbuzi m'munsi mwa mawu. Anaipatsa ndevu zazitali kuposa za mbuzi zonse za ku Katete.

Ana anatsamiritsa masileti kukhoma. A Mwanza anatseka chitseko bwinobwino. Nkhuku isalowe. Gabriel asalowe.

Madzulo ake basi inaima pamsewu waukulu. Atate anatsika. Anali ndi sutikesi ndi mtolo wokulunga m'pepala lofiirira. Kumutu anavala chipewa chatsopano.

Eneless anathamanga. Anawalandira sutikesi.

"Wakula, mwana wanga," anatero atate. "Sukulu ikuyenda?"

"Ikuyenda, atate. Mawa mubwere."

"Kuli chiyani mawa?"

Eneless anatseka pakamwa ndi dzanja. Mawu ankafuna kutuluka okha.

Tsiku lotsekera linafika. Makolo anakhala pansi pa mtengo wa mkuyu. Ana a kalasi ina anaimba nyimbo. Ena ananena mavesi. Ena anaponya miyambi.

Kenako a Mwanza anaimirira. "Makolo, mwaona mabuku a m'bokosi. Lero muona buku lina. Bukuli lili ndi miyendo."

Anthu anayang'anana. Buku la miyendo?

Chitseko chinatseguka. Ana anatuluka pamzere. Aliyense anagwira sileti pachifuwa. Anayenda pang'onopang'ono. Anaima patsogolo pa makolo.

"A Sakala, bwerani mutiwerengere," anatero a Mwanza.

Atate anadabwa. Anaimirira. Anavula chipewa. Anafika pa sileti yoyamba, ya Prisca. Anawerenga mokweza.

"Chipewa cha Atate. Wolemba, Eneless Sakala."

Atate anatembenuka. Anamuyang'ana Eneless. Eneless anayang'ana zala za kumapazi.

Atate anapita pa sileti yachiwiri.

"Kwathu ndi ku Katete, patsinde pa phiri la Mphangwe."

"Eee, ndi kuno kumeneko," anatero mayi wina. Anthu anagwedeza mitu.

Atate anapitiriza. "Atate anali ndi chipewa cha mlaza. Ankachikonda kwambiri."

Koma taonani Aroni. Malo ake anali chakumapeto. Amayi ake anakhala chakutsogolo. Aroni ankafuna kuti aone mbuzi yake. Anasuntha pang'ono. Anasunthanso. Analowa pakati pa Dominic ndi Ruth.

Atate sanaone. Anawerenga sileti ya Dominic.

"Tsiku la ulendo, atate anatuluka m'nyumba."

Anawerenga sileti ya Aroni.

"N'kudya chipewa chonse."

Anthu anaphulika kuseka. Amayi ena anagwira nthiti. Abambo ena anagwa pabenchi. A Mwanza anabisa nkhope kuseri kwa dzanja.

Eneless anachita manyazi. Misozi inalengeza m'maso. Buku lake lawonongeka pamaso pa atate. Anafuna kuthawira kuphiri.

Atate anagwira mimba yawo. "Ine ndinadya chipewa? Nanga bwanji sindinakhute?"

Anthu anasekanso. Atate anawerama pafupi ndi Eneless.

"Ine ndine wowerenga chabe," anatero motsitsa mawu. "Mwini buku ndiwe. Kodi nkhani imayenda chonchi?"

Eneless anapukuta misozi. Anapukusa mutu. Anayenda mpaka pamzere.

"Aroni, tsamba lako si la pano. Bwerera pamalo pako."

"Koma amayi saona mbuzi."

"Aiona nthawi yake ikakwana. Ukafika, uikweze m'mwamba."

Aroni anabwerera pamalo pake. Eneless anayang'ana mzere wonse. Tsopano unali bwino.

"Yambiraninso apa, atate," anatero Eneless.

Atate anayambiranso.

"Tsiku la ulendo, atate anatuluka m'nyumba, n'kukoleka chipewa pa nkhokwe. Mbuzi yathu Chidyeretu inabwera, n'kudya chipewa chonse."

Aroni anakweza sileti m'mwamba. Anthu anaona mbuzi ya ndevu. Amayi a Aroni analulutira.

"Atate anakwera basi dazi lili pamtunda," anawerenga atate. Anagwira dazi lawo. "Izi ndi zoona. Dzuwa linandiwotcha mpaka ku Lusaka."

Panatsala sileti imodzi. Anaigwira Stanford. Atate anafika pamenepo.

"Ife tinaseka. Koma basi itapita, tinalira."

Atate anaima. Panali mawu ena m'munsi. Anatsokomola. Anayesa kuwerenga, koma mawu sanatuluke.

Eneless anawagwira dzanja. Anawerenga yekha.

"Atate, mukapita, timakusowani."

Palibe anaseka. Amayi anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Kenako manja anaomba. Anaomba nthawi yaitali.

Atate anamunyamula Eneless, ngakhale anali wamkulu. Anatembenukira kwa anthu.

"Ndawerenga mabuku ambiri kumigodi," anatero. "Koma lonena za kwathu ndaliona lero. Walemba ndi mwana wanga uyu."

Eneless ananyada. Ananyada mpaka kumva ngati watalika.

Koma pobwerera kunyumba nkhope yake inagwa.

"Chavuta n'chiyani?" anafunsa atate.

"Anzanga atenga masileti awo mawa. Afufuta. Buku litha psiti."

Atafika kunyumba, atate anatenga mtolo uja. Anaumasula. M'kati munali bulangete la amayi. Bulangete anapatsa amayi. Pepala lofiirira anapatsa Eneless.

"Amake Eneless, muli ndi singano?" anafunsa atate.

"Ilipo. Ulusinso ulipo."

Atate anadula pepala ndi mpeni. Analipinda bwino. Amayi anasoka pakati. Atate anatulutsa pensulo m'thumba. Pepala linakwana mabuku awiri.

M'mawa Eneless anathamangira kusukulu. Masileti anali akadali kukhoma. Anakopera mawu onse, tsamba ndi tsamba. Aroni anajambula mbuzi kawiri. Pachikuto Eneless analemba dzina lake. M'munsi analemba, "Wojambula, Aroni." Aroni anayenda ngati tambala tsiku lonse.

A Mwanza anatenga buku limodzi. Analiika m'bokosi la chitsulo. Analigoneka pakati pa buku la nthano ndi buku la nyenyezi.

"Bokosili likupita ku Sinda," anatero. "Ana a kumeneko akawerenge za Mphangwe."

"Tsopano fufutani masileti," anatero Eneless kwa anzake.

Ana anafufuta. Masileti anayera psiti. Koma nkhani sinathe.

Buku linalo linali la atate. Madzulo anakhala pakhonde. Amayi anakhala pamphasa. Gabriel anakhala pamiyendo ya atate, manja ali kumbuyo. Amayi anali atamuuza kuti buku sanyambita.

Atate anawerenga kuyambira pachikuto. Atamaliza, anayambiranso.

"Ndikawawerengera anzanga kumigodi," anatero. "Akadziwe kuti ku Katete kuli mlembi."

Nthawi yomweyo kunamveka mapazi. Inali Chidyeretu. Inafika pakhonde. Inanunkhiza chipewa chatsopano. Kenako inatembenuka. Inatalikitsa khosi kulinga ku buku.

Eneless anakuwa. Koma atate anali atakweza kale buku m'mwamba. Analiika m'thumba la malaya, pamtima. Anatseka batani.

"Iwe Chidyeretu," anatero atate, "chipewa ungadye. Ndidzagula china. Koma buku la mwana wanga, ayi."