Mutu Womaliza wa Buku la Willie

Lolemba m'mawa, Willie atatsikira kukhitchini m'kanyumba kawo ka ku Bradford, anapeza masamba anayi a kope lake atang'ambidwa. Anali mutu womaliza wa buku limene analivutikira zaka zitatu, ndipo ofalitsa mabuku a ku Manchester anali atanenetsa kuti likapanda kufika Lachisanu, aiwale.

Bukulo linali la Percy, Mmalawi wosewera mpira wa ku America, uja amavala zipewa zolimba n'kumagundana ngati nkhosa zamphongo. Akamugwetsa mwamphamvu, Percy ankadzuka ali m'zaka zammbuyo. M'mutu womalizawo anabwerera kukakonza masewero amene anagonja ali mnyamata.

"Fyness, wakhudza kope langa?" Willie anafunsa mkazi wake, yemwe anali atangofika kuchokera kushifiti kuchipatala.

"Ine? Mpira wanuwo ndiudziwa mutu wake kapena mchira?"

Willie anatsonya n'kulembanso mutuwo madzulo omwewo, dzanja likuwawa ndi ntchito yake yosamalira ndi kunyamula okalamba. Lachiwiri masamba aja kunalibenso. Pamene anang'ambidwapo panatsala dothi lofiira, lonyowa, loti ku Bradford konse simungalipeze, ndipo khitchini inkanunkha utsi wa nkhuni zosauma. Koma abale! M'nyumba ya gasi?

Kutchalitchi nkhani inawanda. Ena ankati ndi ufiti wa anansi, ena ankati mwamunayo mutu wayamba kuzungulira. Mayi Esnath, mkulu wa amayi, anangomufunsa motsitsa mawu, "Kodi amayi anu aja, munakaona manda?"

Willie anapsa mtima. Amayi ake anamwalira ku Thyolo iye akudikira mapepala omulola kukhala m'dziko la eni, ndipo maliro anangowaonera pafoni. Mapepala anatuluka zaka ziwiri zapitazo, komabe ulendo ankangouzengereza: ndimalize kaye buku.

Lachinayi analemba mutuwo kachinayi, mano ali gwa. Anatsekera kope m'kabati, kiyi n'kuika pansi pa pilo. Fyness anali pa ofu, ndipo anagona msanga. Mvula inkawaza pawindo, basi yomaliza inadutsa, kenako kunangoti zii. Ndiye m'mapaipi otenthetsera nyumba munayamba kumveka kanyimbo, kutali zedi, mawu a amayi ambiri akuimba mokoka monga aimbira pasiwa. Pansi, pepala linang'ambika pang'onopang'ono. Pyee. Linanso.

"Mukumva?" Fyness ananong'ona, atamugwira dzanja. "Musatsike, chonde."

"Ndatopa nazo ine! Zaka zitatu!"

Anatsika masitepe mumdima, akupapasa khoma. Pansi pa khitchini panali pozizira ndiponso pa matope. Atayatsa getsi anaona kabati ili chitsekere, koma kope lili patebulo, lotsegula. Mutu wake uja kunalibe. M'malo mwake munali tsamba limodzi, lolembedwa ndi dzanja lake lomwe, inki isanaume.

Patsambalo Percy anali atagwetsedwa, n'kudzukira pakati pa minda ya tiyi, chipewa chili m'manja. Patsogolo pake panakhala mayi wokalamba pamulu wa dothi latsopano, ndipo mayiyo anamutchula dzina la ubwana la Willie, limene ngakhale Fyness sankalidziwa.

"Chimbalanga, njira yobwerera kale waipeza, ndiye ukupita nayo kumpira? Ine ndikudikirabe kadothi kako."

Fyness anapeza Willie atagwada m'matopemo, akulira maliro mokweza ngati uthenga wangofika kumene.