Chikwa cha m'Foni ya Nomsa

Pa Lizulu munthu saima pamsewu popanda chifukwa. Ukaima ndiye kuti ukugula, ukugulitsa kapena ukudikira minibasi. N'chifukwa chake Nomsa, amene ankagulitsa kabichi ndi tomato pabenchi ya mayi ake, anadabwa kuona mnyamata wina ataima pasiteji, maminibasi akumudutsa, iye maso ali pafoni, chala chikupalasa pagalasi ngati nkhuku pa dzala.

Nomsa anali ndi matenda amodzi, chidwi. Chinthu akapanda kuchimvetsa, mtima sunkakhala m'malo. Anasiya benchi n'kupita kukasuzumira.

"Pepani achimwene, mwataya chiyani m'fonimo?"

Mnyamatayo anatukula mutu n'kumwetulira. Mayo ine, kumwetulira kwake!

"Sindinataye kanthu, chemwali. Ndikugwira tizilombo."

"Tizilombo? M'foni?"

Dzina lake anali Evance. Ankagula mbatatesi ku Tsangano n'kumakagulitsa ku Blantyre. Anamufotokozera kuti ndi gemu. Ukamayenda ndi foni, tizilombo timatulukira pagalasi, iwe n'kumatigwira, kutilera ndi kutimenyanitsa ndi ta anzako. Anamuonetsa kena kolavula moto, kena kokhala ndi nyanga. Koma maso a Nomsa anagwera pa chinthu china chobiriwira, chopanda miyendo, cha maso atulo.

"Nanga ichi? Chikuoneka ngati chili ndi malungo."

"Ichi ndi chikwa. Poyamba chinali mbozi."

"Chimatha chiyani?"

"Kuuma basi. Anzake akamalavula moto, icho chimangodziumitsa."

Nomsa anaseka mpaka misozi. "Ndiye m'kati mwake muli chiyani?"

"Mukandipatsa nambala ndikuuzani."

Mwamvatu akathyali a m'tauni? Koma Nomsa anapereka nambalayo, ati pofuna kudziwa za chikwa basi.

Madzulo omwewo uthenga unalowa. "Duwa la pa Lizulu, kabichi yense wa pamsika uja sindinamuone. Ndinaona inu nokha."

"Simunandiyankhe funso langa," anayankha Nomsa, uku akumwetulira yekha.

"Yankho lake ndi lalitali. Likufunika moyo wonse."

Sipanapite nthawi, "inu" anasanduka "iwe". Lole ya mbatatesi ikaima pa Lizulu, Evance ankatsika ndi kanthu m'manja, pena sopo wonunkhira, pena chitenje. Ankamutchula "mtima wanga", "nyenyezi yanga", ndipo Nomsa tomato ankangomuunjika molakwitsa.

Tsiku lina atakhala kuseri kwa matumba a mbatatesi, Evance anaika gemu ija m'foni ya Nomsa, n'kumutumizira chikwa chija.

"Ichi ndi chako tsopano. Uziyenda nacho, chifukwa chimakula ndi kuyenda kwa mwini wake. Tsiku limene chidzasweke unditumizire chithunzi. Ndikulumbira, Loweruka lake lomwelo ndidzabwera ndi ankhoswe anga kwa malume ako."

"Ukunena zoona, Evance?"

"Mulungu akundimva."

"Nanga kamwala kali pambali pakeka?"

"Ako ndi chizindikiro cha chikondi changa. Usakakhudze, mtima wanga. Ukadzakachotsa ndiye kuti wandichotsa ine."

Nomsa, amene sankasiya chinthu osachivundukula, kamwalako sanakakhudze. Chikondi chimaweta munthu!

Ndiye anayamba kuyenda mwana wamkazi. Kumjigo ankapita yekha osatumidwa. Kuchigayo ankadzera njira yaitali. Pena ankaoloka msewu n'kuzungulira mbali ya Mozambiki ngati wasochera, foni ili m'chitenje. Mayi ake anadabwa nazo.

"Iwe Nomsa, miyendoyi yakulowa chiyani? Kale kukutuma mchere unkachita kulira."

"Ndikulimbitsa thupi, amayi."

Akapuma ankatulutsa foni n'kuchiyang'ana chikwa chija. Kodi m'katimo muli chamapiko? Nanga mapikowo ndi a mtundu wanji? Kodi chimamva akamachilankhula? Icho chinkangophethira maso ake atulo aja.

Nthawi yomweyo mchimwene wake Mfundo, amene ankagwira ntchito ku Joni, anaimba foni.

"Mlongo wanga, ndakupezera malo pa saluni ya mayi ena a kutchalitchi kwathu kuno. Paja umakonda zoluka tsitsi. Bwera msanga, za ulendo ndikonza ine."

 Malo amenewo Nomsa anali atawapempherera kuyambira pamene anamaliza Fomu 4. Koma angachoke bwanji ankhoswe ali pafupi kubwera?

"Achimwene, dikirani pang'ono. Kuli alamu anu akufuna kudzaonekera."

"Eee! Ndiye bwino. Koma usachedwe, malo sadikira munthu."

Chisanu cha Juni chinatha. Mphepo ya Ogasiti inadutsa ndi fumbi lake. Dzuwa la Okutobala linafika, silipasi za Nomsa zinaperepeseka, koma chikwa chili chomwecho, gwa!

"Evance, bwanji sichikusweka?" analemba tsiku lina.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, nyenyezi yanga."

"Malume anga, a Chimango, akufunsatu za iwe."

"Uwauze kuti zabwino zili m'njira. Ndimakukonda kuposa dzulo."

Mayi ake sankamva za gemu, koma za amuna ankazidziwa. "Mwamuna wofuna banja sabisala kuseri kwa matumba, mwanawe," anatero akutsuka tomato. Nomsa anakwiya tsiku lonse.

Kenaka kunabwera Christobel, msuweni wake wa ku Lilongwe, kudzacheza. Ali pakhonde masana, anaona Nomsa akuyang'anitsitsa foni.

"Iii, nawenso umasewera imeneyi? Tiye ndione tizilombo tako."

"Ndili nako kamodzi kokha."

Christobel anayang'ana n'kuphulika kuseka. "Chikwa? Msuweni, chimenechi ndiye chosavuta kuposa zonse! Changa chinasweka tsiku lomwelo, ndikuchokera kumsika."

"Changa chatha miyezi."

"Miyezi? Tapatse."

Christobel anatenga foni ija, ndipo kuseka kuja kunazima.

"Kamwala aka anakaika ndani?"

"Chibwenzi changa. Ndi chizindikiro cha chikondi."

"Nomsa, kamwala aka ntchito yake ndi imodzi. Kamaletsa kachilombo kusintha. Anthu amakaika akafuna kuti kakhale momwemo mpaka kalekale. Ungayende wapansi mpaka ku Joni, chikwa ichi sichingasweke."

 Nomsa anafotokoza za lonjezo lija.

"Mwina sankadziwa," anamaliza motero. "Mwina ankangoona ngati n'kokongola."

"Mwina," anatero Christobel, maso ali pansi.

Nomsa analanda foni yake. Chala chinaima pamwamba pa kamwalako. Akakachotsa, kodi si ndiye kuti wamuchotsa Evance? Nanga akakasiya, adzadziwa liti zoona zake? Chidwi chake chakale chija chinadzuka, ndipo anadina.

Galasi linawala. Chikwa chinagwedezeka, n'kung'aluka pamsana. Munatuluka gulugufe wamkulu wa mapiko achikasu okhala ndi madontho abuluu, maso ali gwaa, akukupiza mapiko pamwamba pa galasi lonse.

"Taona, Christobel! Taona kukongola!" anakuwa Nomsa, n'kuiwala kaye zonse. Ndiye chinali chimenechi m'katimo nthawi yonseyi!

Anajambula chithunzi n'kutumiza. "Chasweka, wokondedwa wanga! Ndiwauze malume za Loweruka?"

Uthenga unawerengedwa pompo. Foni inaonetsa kuti Evance akulemba. Anasiya. Anayambanso. Atsikana awiriwo anagundanitsa mitu pagalasi, mpaka yankho linafika.

"Ndani wakuuza kuti uchotse mwala uja?"

Nomsa anawerenga kawiri. Za mwala iye sanatchule n'komwe. Anaimba, ndipo Evance anayankha mochedwa.

"Unkadziwa, Evance."

"Mtima wanga, tamvera kaye..."

"Usanditchule choncho! Unkadziwa kuti sichidzasweka, iwe n'kumandiona ndikuyenda ngati wamisala msika wonse!"

"Nomsa, ija ndi gemu chabe. Iwenso unakhulupirira zamasewera?"

"Sindinakhulupirire masewera. Ndinakhulupirira iwe. Unatchula Mulungu!"

 Evance anayankhula motsitsa. "Ku Blantyre kuli zina zimene sindinakuuze. Kuli mayi wa mwana wanga. Ndimafuna ndikonze kaye, koma kukutaya sindimafunanso."

"Ndiye unandisunga ngati mbatatesi zodikira mtengo ukwere?"

Sanadikire yankho. Anadula foni, n'kugwera pamiyendo ya Christobel. Analira kwambiri Nomsa, kulira kopweteka pachifuwa, chifukwa munthuyo ankamukonda zenizeni.

Misozi itaphwa anapukuta nkhope ndi chitenje, n'kuimbira Mfundo.

"Achimwene, malo aja a pa saluni akadalipo? Ndakonzeka, ngakhale mawa."

"Aaa, mlongo wanga, ukunena lero? Mayi aja anadikira mpaka anatopa. Analowapo mtsikana wina mwezi wathawu." Mfundo anaseka pang'ono, osadziwa kanthu. "Koma usadandaule, iwe uli ndi zako zabwino kumeneko. Nanga alamu athuwo akubwera liti?"



"Sabwera, achimwene."