Dothi Lakuda M'maziko

Mtembo unapezeka Lachitatu, 7 koloko itangodutsa ndi mphindi khumi, m'ngalande ya maziko kuseri kwa nyumba ya Aphunzitsi. Insipekitala atafika anavula chipewa, napemphera chamumtima monga ankachitira pa wakufa aliyense, kenako anatsikira m'dzenjemo.

Womwalirayo anali woyeza malo wa kukhonsolo, mlamu wawo wa Aphunzitsi. Dothi linali litamukwirira yense, nsapato zokha zili poyera. Kunkhongo kunali bala, ndipo dokotala anati wafa dzulo lake, cha m'ma 4 koloko madzulo.

M'mbali mwa mpanda munali mzere wa zikhomo zofiira. Pansi pamenepo pankadutsa paipi yaikulu ya madzi a dera lonselo, ndipo chikalata cha malowo chinkaletsa kukumba kapena kumanga pa mamita atatu kuchokera kumpanda. Ngalandeyo inali italowa m'malo oletsedwawo ndi mita yathunthu.

"Dothi lamugumukira uyu, bwana," anatero Sajeni. "Ndi ngozi."

Insipekitala analakalaka zitakhala choncho. Iye ndi Aphunzitsi anali ataimba m'kwaya imodzi zaka makumi awiri.

Pofika 10 koloko, mmisiri womanga anali m'chipinda chofunsira mafunso.

"Lolemba anthu anakumvani mukuuza malemuwa kuti muwakwirira m'maziko."

"Ndi pakamwa chabe, bwana. Ngakhale apongozi anga ndimawauza zomwezo, koma onani, akadali moyo, akudyabe zanga. Dzulo tinaweruka 2 koloko simenti itatha. Kafunseni kogulitsa simenti, ndinachokako atatseka."

Insipekitala anamuyalira zithunzi. Mmisiri anaziyang'ana nthawi yaitali, nthabwala zitamuthera.

"Sipanagumuke apa. M'ngalandemo ndi katondo wofiira yekhayekha. Lakudali ndi dothi lapamwamba lomwe tinaunjika padera pakhomo la khitchini, kusungira dimba. Mmisiri, ngakhale ataledzera, sathira dothi lakuda m'maziko, nyumba imang'aluka. Wachita izi wayesa katondo, wamukanika chifukwa ngouma gwa, ndiye wathamangira chofewa. Ndi munthu wa manja a choko ameneyu."

Insipekitala anasonkhanitsa zithunzizo. Anatuma Sajeni kogulitsa simenti, ndipo Sajeni anabwerako ndi mboni zitatu zoti mmisiri analidi kumeneko. Panalibenso kothawira.

Aphunzitsi analowa 3 koloko, maso atafiira, manja atawabisa pansi pa tebulo.

"Mbale wanga," anatero Insipekitala mofatsa, "ikani manja pamwamba."

Anawaika. Zikhatho zonse zinali matuza ophulika.

"Fosholo ndi yolemera kwa osaizolowera. Ndiuzeni."

"Mukudziwa kuti mayi akunyumba ziwalo zinafa chaka chatha. Khomo lathu lili ndi masitepe asanu ndi anayi. Ndimawabereka kumsana kuti aothere dzuwa, ndipo msana wanga watha. Malo athyathyathya ndi okhawo a kumpanda. Ndinkafuna kachipinda kamodzi basi, koti njinga yawo ya olumala izilowa yokha."

"Alamu anu anakana."

"Anabwera ndi tepi yawo, nayeza kawiri. Anati, 'Alamu, ndi mlongo wanga, ndimamukonda. Koma paipi iyi ikadzaphulika pansi pa bedi lake, mudzandiuza chiyani? Mawa ndibweretsa kalata, mukwirire.' Anatembenuka akukulunga tepi, ngati nkhani yatha. Ndinawakankha. Anagwera pa njerwa."

"Anafera pomwepo?"

Cholembera cha Sajeni chinadikira.

"Ayi. Anaitana mlongo wawo kawiri. Mayi anafunsa ali m'nyumba kuti ndani akuitana, ine ndinati ndi ana a pamsewu. Chipatala chili pafupi, achimwene, galimoto inali pabwalo. Koma ndinakhala pa mulu wa njerwa, kudikira mpaka atasiya kupuma. Kuyambira pamenepo sindinathe kupemphera. Ndikagwada, nthaka ija imandiitana."

Analira ngati mwana. Atapukuta misozi, anayang'ana Insipekitala, osati mwaukali ayi, koma ngati munthu wofunsa njira.

"Ndinkaopa kukumba, mukukumbukira? Mwezi watha, tikutuluka kukwaya, ndinakufunsani ngati munthu wodziwa malamulo. Munandigwira paphewa n'kunena kuti, 'Mangani basi, mbale wanga. Zikhomo sizilankhula.'"

Sajeni anakweza cholembera papepala, nayang'ana kuwindo ngati sanamve. Insipekitala anakumbukira bwinobwino, ngakhale kaseka komwe anaseka ponena mawuwo. Ankayesa kuti akuchita chifundo.

"Lemba, Sajeni."

"Bwana, izi sizikufunika mu..."

"Lemba monga wamvera, ndipo ulembe kuti ndinanena ndine."

Cholembera chinayenda. Aphunzitsi anatambasula manja awo a matuza kuti awamange.

"Ndapempha chimodzi," anatero. "Dzuwa likamapendeka, amafuna kutuluka panja. Sakudziwa kanthu, akudikira ine."

Insipekitala anayang'ana wotchi. Inali 4 koloko. Anatenga chipewa chake, nanyamuka kupita kukakwera masitepe asanu ndi anayi aja, kukauza mayiyo kuti mlongo wake ndi mwamuna wake onse sabweranso.