Chipsera Chili Pakati

Pamene Anambala ankazimitsa kompyuta, makonde a chipatala cha maso anali atachita zii, ndipo minibasi yomaliza inali itapita kalekale. Dzinali anamupatsa ndi manesi, poti ntchito yake inali yowerenga zimene dokotala walemba mufayilo ya wodwala n'kusandutsa matendawo nambala yolowetsa mukompyuta.

Sabata imeneyo kunkabwera madokotala akunja odziwa opaleshoni ya zipsera za m'maso, zija zimayera ngati kamtambo kutsogolo kwa diso. Iwo ankafuna okhawo amene chipsera chawo chili pakati, chotseka kamwana ka diso, chifukwa ndiwo saona. Kompyuta inkasankha anthuwo potengera nambala basi. Tsono m'mafayilo ena dokotala anangolemba kuti "chipsera", osanena ngati chili pakati kapena m'mbali. Amenewo Anambala ankawapatsa nambala ya zosalongosoka, ndipo eni ake sakanaitanidwa. Zinkamuwawa, koma kalaliki saloledwa kuwonjezera zimene dokotala sanalembe. Mayina ankayenera kutumizidwa mawa lake masana.

Anakoleka chikwama paphewa n'kutsanzikana ndi mlonda pageti.

"Wapansi usiku uno, amayi?"

"Miyendo ndili nayo iwiri, achimwene. Ndikafika."

Anadutsa mashopu otseka ndi agalu ogona m'makonde mwake. Magetsi a mumsewu anathera pa malo omwetsera mafuta. Kuchokera pamenepo msewu unkatsetsereka kupita ku mlatho, ndipo iye anayatsa tochi ya pafoni.

Atangoponda pamlathopo anamva fungo. Fungo la chitsulo chopsa, lija limamveka kwa owotcherera. Koma kumeneko kunalibe shopu. Kunalibe moto. Pansi madzi ankangoyenda mwakachetechete.

Anathamangitsa miyendo.

Kumbuyo kunamveka nsapato zolemera. Khoo… khoo… Iye ataima, nazo zinaima. Atayenda, nazo zinayenda.

Tochi inaphethira. Inazima!

"Amayi a manambala."

Mawuwo sanachokere kumbuyo. Anachokera pambali pake penipeni. Munthu wamtali wovala ovolosi anali atatsamira chitsulo cha mlatho, magalasi akuda a owotcherera ali pachipumi. Anafika nthawi yanji? Anambala anabwerera m'mbuyo pang'ono.

"Chili pakati," anatero munthuyo.

"Chi… chiyani, bambo?"

"Cha mwana wanga wamkazi. Diso lamanzere. Kachitsulo kanathetheka kuchokera m'manja mwangamu. Chili pakati, amayi. Mumuyang'anenso."

Mpweya wake unali wozizira ngati wa mufiriji. Anambala anamenyamenya foni pachikhatho. Tochi inayaka. Anawunika kumanja. Anawunika kumanzere.

Pamlatho panalibe munthu!

Kwawo kunali pafupi, kungokwera chitunda basi. Mtima unkamuuza kuti thawa. Koma fayilo ija anaikumbukira, poti anali ataigwira madzulo omwewo: mtsikana wa kusekondale, diso lamanzere, kachitsulo kanalowa ali wamng'ono. Malo a chipsera sanalembedwe.

Anapuma mwamphamvu, n'kutembenuka. Anadutsanso pomwe panaima munthu paja, maso ali kutsogolo, pakamwa pakutuluka pemphero loduka mutu. Sanathamange. Ankadziwa kuti akangothamanga agwa.

Mlonda atamuona anadzidzimuka.

"Mwaiwala chiyani, amayi?"

"Munthu. Tsegulani."

Anaifunafuna fayiloyo mumulu wa zosalongosoka mpaka anaipeza. Anaimba nambala ya foni imene inali pachikuto, ndipo anayankha mayi wodzutsidwa kutulo tofa nato. Anambala anawapempha kuti kukacha abwere ndi mwanayo, asachedwe. Kenako anakhala pabenchi ya pakhomo la dokotala, fayilo ili pachifuwa, mpaka mawindo anayera.

Dokotala anafika akuthamangira ku wodi.

"Anambala, mwagona pompano? Odwala andidikira uko."

"Adokotala, sindichoka pakhomo pano. Mwana mmodzi yekha. Mungomuwunika, mulembe zimene muone. Chikakhala m'mbali, ndipepesa."

Dokotala anamuyang'ana maso ofiirawo, n'kutsegula chitseko.

Mtsikanayo analowa atapendeketsa mutu, monga amachitira munthu woyendera diso limodzi. Anaika chibwano pamakina owunikira. Dokotala anasuzumira kwa kanthawi ndithu, kenako anatenga cholembera n'kulemba akutchula mokweza: diso lamanzere, chipsera chapakati, chotseka kamwana ka diso, choyamba ndi kuvulala.

Anambala anathamanga nayo ku ofesi n'kusintha nambala. Dzina la mtsikanayo linatulukira pa oitanidwa. 

Mayi ake a mtsikanayo anamupeza pakhonde. Anali mayi wochepa thupi, wa manja okhakhala ndi ntchito.

"Achemwali, tayenda pachipatala pano mpaka nsapato kutha, koma palibe anatiimbirapo foni. Inu mwatidziwa bwanji?"

"Muwathokoze bambo akewa. Ndinakumana nawo usiku pamlatho. Aatali, ovala ovolosi, magalasi owotcherera ali pachipumi."

Chikwama chinawapulumuka mayiwo. Anakhala pansi pasimenti pomwepo, dzanja lili pakamwa.

"Bambo ake anatisiya mwanayu asanayambe n'komwe sukulu," anatero motsitsa mawu. "Chivulalireni mwana, sankagona. Tsiku lina anabwera kuno kudzafunsa za diso lakelo, anachedwa pamzere, pobwerera galimoto inawagunda pamlatho pomwepo."

  Anambala anangokhala pansi pambali pawo.

Mayiwo anapukuta misozi ndi nsonga ya mpango, n'kumugwira dzanja.

"Ndiuzeni chabe, achemwali. Inu mwawaona. Amaoneka otopa?"