Chakale Chilowe, Chatsopano Chituluke

Augustino anamuona komaliza Priska ali moyo dzuwa likulowa kuseri kwa mapiri. Mkaziyo anali ataima pakhomo pa kanyumba kochirira, dzanja lina pachiuno, lina litagwira mphuthu ya chitseko, thukuta lili kamukamu ngati wangotuluka m'Shire. Anavula mpango kumutu, mpango wakale wa madontho oyera umene unali utapyapyala ndi kuchapa, napukutira kumaso ndi m'khosi, kenako nauponya kwa mwamuna wake.

"Ndisungireni, aphunzitsi opanda sukulu," anatero, akuseka ndi mano okha chifukwa cha ululu. "Musakaupatse mkazi wina."

Chitseko chinatsekedwa. Mwamuna salowa m'menemo.

Dzina limenelo ankamutcha ndi Priska yekha popanda kumupweteka. Augustino anakulira pa kasiteshoni ka Nyamikolo, pa njanji yochokera ku Port Herald kupita kumtunda, pomwe bambo ake a Simoni ankatsuka mabogi. Bambowo atawasamutsira ku Limbe, iye anapita ku sukulu ya aphunzitsi ya amishoni, anthu a pa siteshoni atamuperekeza ngati mkwati. Koma bambo atamwalira mutu unakana. Ankati akatsegula buku, malemba ankangosambira. Anachoka kusukuluko opanda pepala, nakabisala ku Chiromo komwe ankanyamula mabelo a thonje, ndipo kumeneko ndi kumene anapeza Priska. Ku Nyamikolo sanapondekonso, manyazi. Tsopano mwana woyamba amabadwira kwa amayi a mkazi, ndipo mudzi wa apongozi ake unali tsidya la dambo, kufupi ndi siteshoni yomweyo. Iye anali atafika dzulo lake, mozemba, chipewa chili pamaso.

Mdima unakhwima, mwana osabadwa. Augustino anakhala pansi pa mtondo akumva mkazi wake akubuula, mpango uli paphewa. Kenako apongozi ake, mayi Clotilda, anatuluka naima atamufulatira monga mwa mwambo.

"Akamwini, mwana akukana kutuluka. Inu mukudziwa chimene chimatseka njira. Munayenda ndi ndani ku Chiromo?"

"Palibe, amayi."

"Onse amatero. Tchulani dzina, mwana wanga apume."

"Ndilibe dzina loti nditchule."

"Ndiye khalani nalo." Anaponya botolo lopanda kanthu kumbuyo kwawo, nkugwera pamchenga. "Nyali ikuzima muno, azamba sakuona chimene akugwira. Sopo tilibenso. Ngati pali kanthu kamodzi kamene mungakwanitse m'moyo uno, kapezeni zimenezo."

M'mudzi monsemo munalibe dontho la parafini, ndipo sitolo ya mmwenye inali kutali. Koma Augustino ankadziwa khomo limodzi lomwe zinthu zimenezi sizinkatha. Anamanga mpango pakhosi pa botolo kuti likhale ponyamulira, nanyamuka osauza munthu kumene akupita. Anaopa kuti amuseka: wophunzira uja akukapempha sopo kwa a Hilario, osunga sitolo ya njanji.

Anadutsa dambo, nakwera pamtumbira wa njanji. Mwezi unali chibenthu. Njanji ziwiri zinkang'anima kutsogolo kwake ngati njoka zogona, achule akusokosera mbali zonse, udzudzu ukumuimbira m'makutu. Ndipo pamene ankaponda zitsulo zopingasa zija, fungo la ubwana wake linamubwerera lokha.

Loweruka m'mawa antchito onse ankandanda pakhomo pa sitolo ya kampani: otsuka mabogi, osesa pabwalo, oyatsa nyali, opukuta injini. Mkati munali a Hilario, Msena wa kutsidya kwa Zambezi, wamtali, kiyi ali pakhosi. Kumbuyo kwawo kunali matsache omangidwa mitolo, ndowa zolowetsana, matumba a soda, thonje lopukutira mafuta, zitini za girizi, njereza yopaka m'zimbudzi, ndi mitanda italiitali ya sopo wofiira wonunkha mankhwala, amene ankamudula ndi waya. Lamulo lawo linali limodzi, ndipo ngakhale ana ankaliimba posewera: chakale chilowe, chatsopano chituluke. Ukafuna tsache, ubwere ndi chitsa cha lakale. Ukafuna sopo, uonetse kachibenthu kotsala. Ukafuna nsanza, upereke yakuda, ndipo a Hilario ankainunkhiza kuti atsimikize kuti yagwiradi ntchito. Zakale zonse ankaziponya m'diramu nkuzitentha madzulo, kuti wina asabwere nazo kawiri. Mayi wina ndowa yake itapita ndi madzi, anamuuza kuti akafunse ng'ona.

Koma ndi a Hilario omwewo amene, tsiku lomwe Augustino ankakwera sitima kupita kusukulu, anamuika m'thumba chidutswa cha sopo popanda kufunsa chakale. "Mphunzitsi asanunkhe," anatero. Ndiye mwina usiku uno adzakumbuka.

Atayandikira mlatho wa pa kamtsinje, achule anasiya kulira. Onse pamodzi, ngati wina wawatseka pakamwa.

Shwa... shwa... shwa...

Augustino anaima. Pakati pa mlatho panali munthu atawerama, akusesa njanji. Usiku. Tsache lake linali chitsa chokha, koma linkamveka ngati latsopano.

"Zikomo kumeneko," anatero Augustino.

Munthuyo anaweramuka pang'onopang'ono. Jekete la kaki. Kiyi pakhosi. Tsitsi, mapewa, ngakhale zikope zake zinali mbuu ndi fumbi loyera.

"Mwana wa Simoni," anatero. "Aphunzitsi abwera."

Mtima wa Augustino unatsika m'malo. Anavula chipewa. "Ndine, bambo. Pepani kukuvutitsani usiku. Mkazi wanga ali m'chikuta, zinthu sizili bwino. Ndikufuna parafini ndi sopo pang'ono."

A Hilario anatembenuka nkuyamba kuyenda, iye nkutsatira. Miyala ya panjanji inkalira pansi pa mapazi ake. Anamvetsera... Inkalira ya munthu mmodzi yekha. Anadziuza kuti nkhalamba zimaponda mopepuka.

Sitolo inali pomwe anaisiya, kuseri kwa thanki ya madzi. Kiyi analira, chitseko chinatseguka. Zonse zinali m'malo mwake, matsache, ndowa, mitanda ya sopo, ngati zaka zonsezi linali Loweruka limodzi. Pathebulo pankayaka nyali. Augustino anaiyang'ana, osadziwa chimene chikumusautsa. Kenako anazindikira. Kuchigwa kuno nyali ikayaka usiku, tizilombo timaizinga mpaka galasi kuda. Iyi inalibe ngakhale kagulugufe kamodzi. Ndipo m'nyumba ya malata, mwezi wa Okutobala, munkazizira.

A Hilario anatenga botolo, naliyang'ana kuti nlopanda kanthu, nalidzaza. Kenako anaika mtanda wa sopo pathebulo, nakulunga waya kuzala, naima.

"Chakale chili kuti?"

"Ndilibe, bambo. Sindigwira ntchito kuno."

"Nkhabe chakale, nkhabe chatsopano," anatero m'Chisena chawo: popanda chakale, palibe chatsopano.

"Chonde. Munandipatsapo kale popanda kufunsa."

"Ndinapatsa mphunzitsi." Maso oyera aja anamuyeza kuyambira kumutu mpaka kumapazi osavala. "Mphunzitsiyo ali kuti?"

Augustino anaweramitsa mutu. Ankamva kubuula kwa Priska ngati ali kuseri kwa khoma.

Chala chachitali chinaloza pakhosi pa botolo. "Nanga icho?"

Mwana aliyense wa kuchigwa amadziwa kuti nsalu ya thukuta la mayi wapakati siperekedwa kwa munthu, makamaka usiku. Augustino ankadziwa. Koma pathebulo limenelo sanali mwamuna wa munthu. Anali mwana wa wotsuka mabogi, ataima pamzere wa Loweruka, pamene anaona nsanza zosawerengeka zikuwoloka thabwa lomwelo. Manja ake anamasula mfundo okha.

A Hilario analandira mpangowo ndi manja awiri. Anautambasula kunyali, kuwala nkudutsa m'malo opyapyala. Anaunyamulira kumphuno. Anaununkhiza nthawi yaitali, maso atatseka.

"Wagwira ntchito," anatero. "Watha."

Anauponya m'diramu.

Waya analowa m'sopo akulira ngati mano a munthu wozizidwa. Chidutswa chinagwa, chachikulu, pafupifupi theka la mtanda.

"Wachuluka, bambo. Ndi wa khanda chabe."

"Khanda silidya sopo. Uyu ndi wa munthu wamkulu." Anamukankhira chidutswacho, zala zawo nkukhudza zake. Zinali zouma, zozizira ngati njanji m'mamawa. "Mukamusambitse bwino, kuseri kwa makutu, pakati pa zala. Pyadidi, bwinobwino. Ine anangondithira njereza."

Augustino anayang'ana diramu.

"Ndibwezereni mpangowo."

"Cholowa m'diramu sichibwerera. Ukudziwa."

"Tengani sopo wanu!"

"Chotuluka sichilowanso."

Augustino anatambasula dzanja kudiramu. Nyali inazima.

Mdima. Fungo la njereza. Ndipo pafupi, pafupi kwambiri ndi khutu lake... shwa... shwa...

Anathawa. Sanadziwe kuti chitseko anachipeza bwanji. Miyala inamucheka. Pamlatho anagwa, nadzuka. Botolo silinasweke. Sopo anali m'manja, atamufumbata ngati wamera pamenepo. Sanacheuke. Achule anayambanso kulira atafika kudambo.

Kum'mawa kunkayera pamene ankalowa m'mudzi. Choyamba kumva chinali kulira kwa khanda, kwamphamvu, kwaukali. Anaseka. Kenako pansi pa kulira kumeneko panadzuka kwina, kwa akazi ambiri, kumene sikufuna womasulira.

Mayi Clotilda anatuluka m'kanyumba kaja. Sanamufulatire. Kwa nthawi yoyamba chikwatire mwana wawo, anamuyang'ana m'maso.

"Ndi wamkazi," anatero. "Mayi ake wapita osamva dzina lija. Mwalisunga bwino."

Anamulanda sopo ndi botolo. Nyali inayaka mowala kuposa masiku onse, ndipo inawathandiza kuona bwino nkhope ya wakufa. Sopo nayenso anachita thovu lambiri. Fungo lake lofiira, la mankhwala, linatuluka m'ming'alu ya khoma nkudzaza bwalo, mpaka kufika kwa amuna amene anayamba kusonkhana pansi pa mtondo. Mmodzi wa iwo, a Antonio, malume ake a Priska, amene anali kapitawo wa okonza njanji, anakweza mutu nanunkhiza mphepo.

Mayi Clotilda anasuzumira pakhomo, manja ali thovu. "Mpango wake uli kuti? Tikufuna timumange chibwano. Anakupatsani inu."

"Ndinausiya kusitolo."

"Sitolo iti?"

"Ya njanji. A Hilario anakana kundipatsa sopo popanda chakale."

A Antonio anasendera pang'ono, kutalikira pamene iye anakhala.

"Mwana iwe," anatero motsitsa, "sopo wofiira uyu kampani inasiya kutumiza nkhondo isanathe. Ukuti unapereka nsalu ya mwana wathu kwa ndani?"

"Kwa a Hilario. Ndinawapeza pamlatho akusesa."

A Antonio anapukuta kumaso ndi chikhato. "Chaka cha chimfine chachikulu chija, anthu ankagwa pa siteshoni ngati nkhuku za chitopa. Tinapita kwa Hilario kukapempha sopo wosambitsira maliro. Ine ndemwe ndinagwada, mkazi wanga ali pamphasa. Anati tibwere ndi chakale. Chakale tikanachitenga kuti? Ndiye nthenda itamugwira iye, anadzitsekera m'sitolo momwemo ndi kiyi wake. Ankaitana madzi. Tinkamumva tonse podutsa, ndipo wina anamuyankha pazenera kuti abweretse kaye akale. Fungo litayamba tinathyola chitseko. Palibe anafuna kumukhudza. Tinamuthira thumba la njereza, nkumukokera kudzenje ndi zingwe. Sopo ali mulu pamutu pake."

"Munapereka mwana wanga kwa Hilario," anatero mayi Clotilda. Sanakuwe. "Ndinkayesa munayenda ndi mkazi. Bola mukanayenda ndi mkazi."

Analowa, natseka chitseko. Khanda linapitiriza kulira.

Augustino anaimirira. Palibe anamuletsa. Anadutsanso dambo dzuwa likuswa mtengo, nakwera pamtumbira, nawoloka mlatho pamene panali magazi a bondo lake. Sitolo inalibe denga. Chitseko chinali chokhomedwa ndi matabwa awiri opingasa, misomali itachita dzimbiri, ndipo pazenera pankatuluka nthambi ya mkuyu. Anasuzumira. Ndowe za mileme, chulu cha chiswe pamene panali thebulo, ndi diramu lobowoka pansi. M'diramumo munalibe kanthu.

Anaupeza kuseri, m'udzu. Pa kamtumbira kotitimira, pomwe dothi linali lidakali lotuwa, panazikidwa chidutswa cha njanji ndi kachitsulo kopingasa. Mpango wa madontho oyera unali utamangidwa pamenepo, mfundo yake yolimba, yaudongo, ya munthu wozolowera kumanga mitolo. Anayesa kumasula mpaka zikhadabo zinathyoka. Atauyandikizitsa kumphuno, fungo la Priska munalibe.

Pansi pa mfundoyo wina anakhoma malemba ndi msomali. M'mudzi monse muja, Augustino yekha ndi amene akanatha kuwawerenga. Anachotsa dzimbiri ndi chala.

Hilario. Pa 27 Novembala 1918.