Amayi Idah Anatsala mu Disiki

Linali Lachisanu madzulo, nyengo yowotcha fodya, pa famu ina ya ku Trelawney. Utsi wa m'mabani owotcheramo fodyayo unali utaphimba komboni yonse ya antchito. Anthu ankaweruka, koma Lestina anatsala mu ofesi, akuyang'anizana ndi kompyuta.

Makinawo anabwera ndi mwana wa mzungu, amene anabwerera kuchokera kusukulu ku Joni chilala chachikulu chija chitangotha. Anabweranso ndi lamulo: nyumba ya mukomboni ndi ya munthu wogwira ntchito, ndipo nyumba yopanda wantchito anthu ake atuluke. Zoti atuluka apita kuti, iye sizinkamukhudza. Anthuwo makolo awo anachoka ku Dedza ndi ku Tete kalekale. Kwawo kunali pomwepo, pakati pa mabani ndi manda a kuseri kwa mitengo ya bulugamu.

Lestina ndiye ankadziwa kutayipa, choncho ndiye analowetsa mayina. Fayilo imodzi inali ya antchito onse kuyambira nthawi ya mzungu wamkulu, amoyo ndi akufa omwe. Ina inali ya nyumba ndi onse ogonamo. Usiku umenewo makina anayenera kulumikiza mafayilo awiriwo, kuti nyumba iliyonse ipeze mwini wake. Lestina ankaidziwa nyumba imene sidzapeza mwini. Inali yomalizira kumapeto kwa komboni, ya amayi ake, mayi Idah, amene anatsala okha amuna awo, bambo Harvey, atamwalira. Kuwatenga sakanatha, poti iye ankakhala kwa mwamuna wake m'chipinda chimodzi chodzaza kale ndi ana.

Masana ake Mcloud, katswiri wa makina wochokera ku Harare, anali atamulangiza, uku akupukuta nsapato zake zosongoka.

"Sisi, makina awa mutu wake ndi waung'ono. Ife timati memori. Sangasunge anthu onsewa nthawi imodzi. Mutu ukadzaza, ena amawatulutsa n'kuwaika mu disiki kuti adikire, kenako amawaitana mmodzimmodzi. Kagetsi kofiira aka kakamaphethira, ndiye kuti anthu ali panja. Osazimitsa. Mukazimitsa, amene ali panjawo sabwerera."

"Nanga amapita kuti?" anafunsa Lestina.

"Hameno, kaya," anaseka Mcloud. "Amangokhala momwemo, opanda wowaitana."

Mdima utagwa, Lestina anadina batani. Poyamba makina anangong'ung'udza. Mawailesi a kukomboni anazima imodzi ndi imodzi. Kenako kagetsi kofiira kanaphethira, ndipo disiki inayamba kukukuta ngati khoswe m'nkhokwe.

Panja panamveka mapazi pa timiyala.

Lestina anasuzumira pawindo. Pansi pa getsi la pabwalo panali pataima anthu. Anali anthu a mukomboni, ovala zogonera, opanda nsapato. Maso anali otsegula, koma palibe ankalankhula. Agalu a mzungu, amene amauwa ngakhale tsamba likagwa, anali chete.

Anatsegula chitseko pang'ono n'kuitana mlonda, madala wa ku Tete.

"Sekuru Ambrosio! Anthuwa akufuna chiyani?"

Madalawo anali atakhala pampando wawo, atafunda jasi kumutu.

"Mwanangu, tseka chitseko. Ine sindinaone kanthu. Chita basa lako, ntchito yakoyo."

Kagetsi kanaphethiranso, disiki inakukuta, ndipo ena anatulukira. Awa sanachokere kukomboni. Anachokera kumitengo ya bulugamu, atavala makhaki akale a nthawi ya mzungu wamkulu. Anaima pamzere bwinobwino, monga ankaimira tsiku lolembetsa ntchito. Pakati pawo Lestina anaona chipewa chimene ankachidziwa. Iye mwini ndiye anachiika m'bokosi la maliro la bambo ake.

 Anabwerera kukakhala pampando.

Pa galasi la kompyuta mayina anayamba kudutsa. Dzina likadutsa, munthu mmodzi panja ankatembenuka n'kumapita. Wamoyo ankalowera kukomboni, wakufa ankabwerera kumitengo. Makina ankaitana nyumba ndi nyumba, kuyambira kumtunda kutsikira kumapeto. Bwalo linayamba kuchepa anthu.

Pomaliza panatsala awiri. Bambo Harvey, ndi pambali pawo mayi Idah, atamanga chitenje pachifuwa. Anaima moyandikana osayang'anana.

Lestina anadziwa chimene chikubwera. Makina aitana, bambo abwerera kumanda, ndipo papepala palembedwa kuti nyumba yomalizira ilibe wantchito. Munthu amene anathyola fodya wa pafamupo mpaka msana kupindika, mkazi wake aponyedwe pamsewu wa ku Banket ndi mtolo wa zovala! Mkwiyo unamukwera kuposa mantha. Makina akapanda kumaliza, pepala silituluka. Mawu a Mcloud anawakumbukira ndithu, koma anaganiza kuti akazimitsa, chingwe chimene chamanga amayi ake chiduka ndipo abwerera okha kukagona.

Kagetsi kakuphethirabe, anazula waya kukhoma.

Kunati zii. Getsi la pabwalo linkayakabe, koma pawindo sanaone munthu. Agalu anayamba kuuwa onse pamodzi. Lestina analira ndi chisangalalo, nagona patebulo mpaka mbandakucha.

Amene anapeza amayi ake anali amayi opita kushedi yosankhira fodya. Mayi Idah anali ataima pakati pa bwalo la ofesi, pamalo pomwe paja, mapazi atanyowa ndi mame. Anali moyo. Thupi linali lozizira, koma ankapuma. Lestina anawagwira dzanja n'kuwatsogolera mpaka kunyumba kwawo. Anayenda bwinobwino. Atafika pakhomo anaima.

"Amayi, tiyeni m'nyumba."

"Sanandiitane," anatero mayi Idah.

Anawakoka, anawanyengerera, amuna awiri anayesa kuwanyamula. Anakuwa mpaka anawasiya. Sanalowe nyumba yawo, sanalowe ya mwana wawo, ngakhale tchalitchi Lamlungu anaima panja.

Lolemba Lestina anagwada pamaso pa mwana wa mzungu. Anamupempha kuti nyumbayo aitenge, bola makina ayambirenso ntchito ija. Mnyamatayo anamukalipira chifukwa cha waya, kenako anamuuza kuti asadandaule, Mcloud akubwera. Anabweradi, ndi timatabwa tobiriwira tiwiri m'thumba la malaya. Anatsegula makina n'kutilowetsa.

"Ndawakulitsa mutu, sisi. Tsopano onse akwana m'kati."

Ntchito imene inatenga usiku inatha tiyi asanazizire. Kagetsi kofiira sikanaphethire n'komwe. Pepala linatuluka, ndipo nyumba yomalizira inalibe wantchito.

"Nanga amene anatsala mu disiki Lachisanu?" anafunsa Lestina.

"Kafayilo kaja? Kalipo ndithu, koma makina sakadziwanso. Ntchito yatsopano siitana anthu a ntchito yakale."

Nyumbayo anapatsa dalaivala watsopano wa thalakitala. Mayi Idah anaona katundu wawo akutulutsidwa ali chiimire panja.

Mukomboni anthu ankanong'onezana. Ena ankati ndi misala ya umasiye. Ena ankati makina a mzungu anawatulutsa ndipo mwana wawo yemwe anawatsekera kunja. Sekuru Ambrosio anasiya ulonda mwezi womwewo. Atafunsidwa, anangoti pabwalo la ofesi pamaima munthu wa chipewa usiku wonse, ndipo iwo atopa kumupatsa moni.

Mvula itayamba, Lestina anawamangira amayi ake kachisakasa ka pulasitiki pakhomo pake. Madzulo aliwonse ankaima pachitseko n'kuwaitana. Ankaitana dzina lawo, la bambo awo, la mwamuna wawo, mpaka nambala ya nyumba ija. Mayi Idah ankamuyang'ana mwachifundo, madzi akutsika kumaso.

"Lowa, mwanangu, ungazizidwe," ankatero. "Woitana si iwe."