Chibenthu cha Mbale ya Apongozi

Febby, amake Shawn, anatha zaka khumi pabanja ndi Robson, koma apongozi ake sanamuyamikepo ngakhale pa kapu ya tiyi. Kungobwera Lungowe, mtsikana wa Chilozi amene anakwatiwa ndi mng'ono wa Robson, dzina lake silinkachoka pakamwa pa mayiwo. Nsanje inamudya Febby mpaka kuwonda.

Ntchito ya Lungowe inali yomata mbale ndi makapu osweka a m'mahotela a ku mathithi a Mosi-oa-Tunya. Tsiku lina mbale yadothi yamaluwa abuluu, imene bambo a apongoziwo anabwera nayo kuchokera ku Nyasalandi, inapezeka pansi itasweka, mlandu n'kugwera mphaka. Apongozi anaipereka kwa Lungowe, koma chibenthu chimodzi cha m'mphepete chinasowa. Onse anasesa nyumba yonse osachipeza.

Lungowe anazungulira msika wa Maramba mpaka anapeza sosala yakale yofananako. Anaiphwanya, n'kupala chibenthu chake mpaka chinakhala pamalo. Lamlungu, banja lonse lili pa tebulo, anabweza mbale ija.

Apongozi anagwetsa misozi. "Mwana wanga, nikafa iyi mbale ni yako."

Febby mtima unamuyaka. Mbale imene wakhala akuipukuta fumbi zaka zonsezi!

"Bamai, bakunamizani!" anakuwa motero. "Onani bwino, ili luwa lasiyana na yanzake. Ni chigamba cha ku Maramba!"

"Ninabauza kudala Bamai, poyamba pomwe, mulamu," Lungowe anayankha modekha. "Ine sinibisa vigamba. Kumbuyo ninasiya mzere kuti bantu baziona pamene ninalumikiza."

Kudekhako kunamuwawa Febby kuposa mbama. Anathamangira kuchipinda, n'kumenyetsa chitseko, ndipo pobwera anatula kanthu pa tebulo.

"Chenicheni ni ichi!"

Robson anaweramitsa mutu. Apongozi anatola chibenthucho.

"Amake Shawn, tinapyanga masiku yatatu, naiwe unali kupyanga na ise. Ichi chinali kuti?"

Apa m'pamene Febby anazindikira kuti wadzigwira yekha. Anagwada, misozi ili chuchuchu.

"Ninafuna akangiwe, alephere, Bamai. Kamozi chabe, naye akangiwe, munioneko naine."

Lungowe anamva chisoni, nati angathe kuchotsa chigambacho n'kuikapo chenicheni. Apongozi anapukusa mutu, n'kukumbatira mbale pachifuwa.

"Siya, mwana wanga, wasebenza kudala."

Kenako anagwira dzanja la Febby, naikamo chibenthu chija, n'kumufumbatitsa.

"Tenga, wachisunga bwino. Pa mbale ya batate banga, chako ni ichi."